Walawa, wakhuta kapena wathima? Kasankhidwe ka mawu ponena za munthu woledzera

Munthu mmodzi yemweyo akutsika pa njinga ya kabaza pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi kuno ku Mangochi, mwendo wina ukukana kumvera, ndipo anthu anayi amutchula mosiyana. Wakabaza akuti "wakhuta ameneyu". Mnyamata wogulitsa usipa wokazinga akuti "wayaka". Mayi wa m'mudzi mwake, pomusungira ulemu, akuti "alawako pang'ono". Mkazi wake, amene zinamukwana kalekale, akuti "chidakwa chija chafika". Atatu oyambawo anena za lero. Wachinayiyo wanena za moyo wonse wa munthuyo. Amene akufuna kusankha bwino mawu pa nkhani ya mowa ayambire pa kusiyana kumeneku, chifukwa milandu yambiri ya pakamwa imabadwira pamenepa.

Funso loyamba: mukunena za lero kapena za masiku onse?

Chichewa chimayankha funsoli ndi kachidutswa kakang'ono ka m'kati mwa mneni. "Waledzera" ndiye kuti panopa mowa uli m'mutu, mawa akhoza kudzuka ali bwinobwino. "Analedzera" ndi za tsiku lina lapitalo, mwina pa ukwati, mwina kamodzi kokha pa moyo wake. "Amaledzera" ndi khalidwe. "Akuledzera masiku ano" ndi dandaulo la munthu amene waona kusintha: poyamba sizinali choncho, tsopano zayamba. Mawu omalizawa ndi amene amathandiza kwambiri pokadandaula kwa ankhoswe, chifukwa akusonyeza kuti vutoli lili ndi poyambira ndipo ankhoswe afunsa kuti zinayamba liti, chinachitika n'chiyani. Mukangofika ndi "ndi chidakwa" mwatseka njira ya mafunso amenewo, mwagamula kale mlandu.

Mneni woti "kumwa" nawonso ndi wochenjera. Ukaima wokha, wopanda kutchula chomwedwacho, umatanthauza mowa basi. "Kodi mwamunayo amamwa?" si funso la tiyi. "Samwa" ndi chiyamikiro chimene makolo amafuna kumva pofufuza za mkamwini. Koma "amamwa" sikutanthauza "amaledzera", ndipo osawasakaniza. Pali "amamwako", wa botolo limodzi Loweruka. Pali "amamwa", wozolowera koma wodziwa njira ya kwawo. Pali "amamwa kwambiri", "amamwa mopyola muyeso", ndiye pamapeto "amamwa mwauchidakwa". Kachidutswa ka -ko kamachepetsa, ka -tu kamamaliza: "waledzerako" akadali munthu, "waledzeratu" palibenso chokamba naye.

Pali kamangidwe kena kamene anthu ambiri amakayankhula osakazindikira. Monga timati "ali chigonere" kapena "ali chiimire", timathanso kunena kuti "ali chiledzerere kuyambira Lachisanu". Apa mukunena za kuledzera kumodzi kumene sikunaduke, mowa wa dzulo ukulandirana ndi wa lero. Mawu amenewa ndi ofunika kuwadziwa chifukwa munthu wa chiledzerere cha masiku atatu kapena anayi akhoza kudwala zoopsa akasiya mwadzidzidzi.

Makwerero ake

Mukatsimikiza kuti mukunena za lero, yang'anani munthuyo musanatsegule pakamwa. Pali zinthu zinayi zoona: maso, lilime, miyendo, ndi ngati akuyankha mukamuitana.

Pansi penipeni pali "walawa" kapena "wamwako". Fungo likumveka mukayandikira, maso akuwala, nkhani zachuluka, akuseka zimene masana sakanaseka. Akuyenda bwino ndipo chenji chake akuwerenga osalakwitsa. Mawuwa achokera ku mwambo wa pamowa, pamene wofulula kapena mwini mowa amayamba walawa kuti anthu amwe mtima uli m'malo. Vuto la "walawa" ndi loti anthu amaligwiritsanso ntchito mwachipongwe kapena mwaulemu ponena za munthu amene wapitirira kutali. Mverani kamvekedwe. "Alawa ndithu" wotchulidwa mokoka, nsidze zitakwera, si wa chipanda chimodzi.

Kenako mowa "wayamba kumugwira", "wamukwera", "wafika m'mutu". Onani kuti pa mawu onsewa wochita ndi mowa, munthu ndi wochitidwa. Achinyamata apa ndi pamene amati "wayaka". Mawu akwera, akubwereza nkhani imodzimodzi, akugwira anthu paphewa, akulonjeza zogulira aliyense. Miyendo ikadali yake koma nzeru zoyeza ngozi zachoka kale. Gawo limeneli ndi limene anthu amalipeputsa, chonsecho ndi limene limapha pamsewu wa ku Monkey Bay ndi pa zokhota za kukwera ku Namwera, chifukwa woyaka amadziona ngati katswiri. "Wayaka" ndi mawu a pakati pa anzanu. Osawanena kwa apongozi, osawalemba mu lipoti, ndipo dziwani kuti ena amawanenanso kwa wosuta chamba.

Pakati pa makwerero pali "waledzera" weniweni, ndi mnzake wa tsiku ndi tsiku "wakhuta". Lilime lalemera, mawu akutuluka okokeka, maso ali psuu, fungo lili guu. Apa Chichewa n'cholemera ndi mawu a kayendedwe ndi kayankhulidwe, ndipo wodziwa kuyankhula amasankha amodzi mwa amenewa m'malo mongobwereza "kwambiri". "Akudzandira", "akuyenda dzandidzandi", ndi uja msewu wamuchepera, akupita uku ndi uku koma akupitabe patsogolo. "Ali peyupeyu" ndi wopepuka ngati mphepo imugwetsa. "Akubwebweta" ndi wotulutsa mawu opanda mutu, ngati wa malungo. "Akubwetuka" ndi woyankhula zosayenera, zoulula zinsinsi, zimene mawa adzazikana. "Akulongolola" ndi wosatseka pakamwa, kawirikawiri modandaula kapena mokalipa. Kusiyanitsa atatu omalizawa n'kofunika pa mlandu: wobwebweta sanatukwane munthu, wobwetuka ndiye amalipitsidwa nkhuku.

"Wakhuta" ali ndi msampha wake. Ndi mawu omwewo a nsima. Mukanena kwa mlendo kapena kwa mwana kuti "bambo akhuta", mwina amva kuti adya bwino. Pofuna kuti pasakhale chikayiko nenani "akhuta mowa". Koma kusamveka bwinoko ndi kumenenso kumawapatsa ntchito: mayi akhoza kuuza mlendo pakhomo kuti "akhuta, agona", wamkulu n'kumva zonse, mwana osamva kanthu.

Pamwamba penipeni pali "ali thapsa" ndi "wathima". Wagwa, sakudzuka, mwina wasanza, mwina wadzikodzera. Achinyamata anasankha bwino pamene anaika "kuyaka" ndi "kuthima" pa nyali imodzi. "Kuthima" kumanenedwanso m'mawa mwake ndi mwini wake, "ndinathima", kutanthauza kuti sakukumbuka mmene anafikira kunyumba ngakhale anthu anamuona akuyenda ndi kuyankhula.

Mowa wochuluka bwanji umafikitsa pati

Mawu oti "wangomwa awiri okha" alibe tanthauzo mpaka mutafunsa kuti awiri a chiyani. Botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti, monga mowa wambiri wa m'mabotolo, lili ndi magalamu pafupifupi 13 a chinthu choledzeretsacho. Paketi ya Chibuku ya lita imodzi, ikafika pa 4 peresenti, ili ndi magalamu oposa 30, ndiye kuti mabotolo awiri ndi theka. Ndipo Chibuku, monga masese, chimapitiriza kuwira, cha lero si chofanana ndi chogona. Kabotolo ka mamililita 200 ka mowa waukali wa 40 peresenti kali ndi magalamu oposa 60, pafupifupi mabotolo asanu, m'kanthu kolowa m'thumba la malaya. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma timabotolo ta pulasitiki, timene ambiri amati midoli, tinalowa m'malo mwake ndi mphamvu yomweyo. Kachasu ndiye alibe muyeso wodziwika: woyamba kutuluka potcheza, amene amati mutu, ndi waukali kuposa wotsatira, ndipo velemoti ya mayi uyu si yofanana ndi ya mayi uyo. Uchema wa ku mgwalangwa umanyenga mwa njira ina. M'mawa ndi wotsekemera ngati thobwa, pofika madzulo wasasa ndipo wakhwima, munthu amene anayamba nawo ngati chakumwa cha ludzu amadzazindikira poimirira.

Chiwindi chimachotsa magalamu 7 mpaka 10 pa ola, ndipo palibe chochifulumizitsa. Khofi, kusamba m'nyanja, msuzi wa tsabola, zonsezi zimangodzutsa munthu woledzera kuti akhale woledzera wamaso. Kabotolo kamodzi kaja kamafuna maola 6 mpaka 9. Amene wamaliza tiwiri pakati pa usiku, pofika 6 koloko m'mawa akadali woledzera, ngakhale iye aziti ndi matsire chabe. Lamulo la pamsewu m'Malawi limaika malire pa magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi, ndipo munthu wa thupi laling'ono, wam'mimba mopanda kanthu, amadutsa malirewo akadali pa "wayaka", asanayambe n'komwe kudzandira.

Pamene "thapsa" asiya kukhala nthabwala

"Thapsa" ndi mawu oseketsa. Amamveka ngati thumba la ufa lagwa pansi, ndipo anthu akawanena amaseka, ena n'kutulutsa foni kuti ajambule. Ichi ndi chifukwa chake ndi mawu oopsa. Iwo pamodzi ndi "wangogona, musiyeni" aperekeza anthu ambiri kumanda.

Mukapeza munthu ali thapsa chitani izi. Muitaneni dzina mokweza, mumugwedeze paphewa, mumutsine pamwamba pa phewa kapena pa khutu. Wogona tulo ta mowa amadandaula, amakankha dzanja lanu, mwina amatukwana. Amene sakuyankha chilichonse sanagone, wakomoka, ndipo kuyambira pamenepo siyani "thapsa", nenani "wakomoka" kuti aliyense amve kuti zafika pena. Werengani mpweya wake kwa mphindi yathunthu: ukachepera 8, kapena pakamadutsa masekondi 10 asanapumenso, kapena khungu lazizira, milomo ndi zikhadabo zasintha mtundu, thamangani naye kuchipatala. Podikira galimoto kapena njinga mugonekeni chammbali, bondo lapamwamba litapindidwa kutsogolo kuti asagubuduke, mutu utapendekera kumbuyo pang'ono, kamwa likuloza pansi. Wogona chagada amatsamwa ndi masanzi ake. Osamuthira madzi m'kamwa, osamukakamiza phala, osamulowetsa chala kukhosi kuti asanze. Osamugoneka pamchenga m'mphepete mwa madzi, kaya ndi kunyanja, ku Malombe kapena m'mbali mwa Shire: mafunde a mwera amakwera usiku, ndipo ng'ona sizifunsa.

Kuchipatala mawu a mumsewu sathandiza. Namwino safuna kumva kuti "wathima". Muuzeni chimene wamwa, kuchuluka kwake, nthawi imene anayamba ndi imene anasiya, ngati anagwa n'kumenyetsa mutu, ngati amamwa mankhwala a shuga, a khunyu kapena ena. Ngati kabotolo kalipo katengeni. Munthu wa shuga wotsika, wovulala m'mutu, wa malungo a mu ubongo kapena wa sitiroko amathanso kudzandira ndi kubwebweta, ndiye fungo la mowa lisakutsekeni maso. Akhoza kukhala kuti walawadi koma chomugwetsa n'china. Ndipo wina akayamba kudandaula kuti akuona mwachimbuuzi, m'mimba mukupota, akupuma mwabefu patapita maola 12 kapena 24 atamwa mowa wosadziwika kochokera, amenewo si matsire. Ndi zizindikiro za methanol, mankhwala amene amachititsa khungu ndi kupha. Mu 2024 anthu anafa ku Blantyre atamwa mowa umene omwa okha anautcha "Ambuye ntengeni". Dzinalo linali nthabwala mpaka tsiku limenelo.

Maina a munthu

Tsopano mbali yachiwiri, ya khalidwe. Apa simukufotokozanso, mukupereka dzina, ndipo dzina limamatirira.

"Chidakwa" ndiye dzina lodziwika kulikonse, ambiri ndi "zidakwa", khalidwe lake ndi "uchidakwa". Lili ndi abale kummwera: Azulu amati isidakwa, Ashona amati chidhakwa. Chidakwa si munthu amene waledzera kwambiri tsiku limodzi. Ndi amene mowa walowa m'malo mwa zinthu zina: ndalama ya feteleza yapita, ukonde wapinyolitsidwa, ana abwezedwa kusukulu, iye ali kumowa. Chinthu chofunika kuchisamala ndi mgwirizano wa mawu. Dzinali lili m'gulu la chi- ndi zi-, gulu la zinthu. Mukati "achimwene ndi chidakwa, koma akuyesetsa kusiya", mneni akulemekezabe munthu. Mukati "chidakwa chija chabwera, chagona pakhonde", mwamuchotsa pa anthu, mwamuika pamodzi ndi chitsa ndi chigubu. Kusiyana kwa a- ndi chi- pa mneni ndi kumene kumasandutsa dandaulo kukhala chitonzo. Olemba nkhani ndi ophunzitsa za umoyo azipewa mgwirizano wachiwiriwu, pokhapokha akubwereza mawu a munthu wina.

"Mbiyang'ambe" ndi dzina lokoma m'kamwa. Mukalimvetsera mumva mbiya, mtsuko waukulu wa mowa, ndi kung'amba. Limanena za kuchuluka kwa zimene munthu amamwa kuposa za kuwonongeka kwa moyo wake, ndipo lili ndi kanthabwala, mwinanso kakusirira, n'chifukwa chake nyuzipepala ndi mawailesi amalikonda. Munthu akhoza kudzitcha yekha mbiyang'ambe pakati pa anzake akuseka. N'kovuta kumva wina akudzitcha chidakwa akuseka. Akatero ndiye kuti mwina wafika pofuna thandizo, mumvetsereni. "Chiledzerere" ngati dzina la munthu ndi uja simumuona ali bwinobwino, m'mawa, masana, madzulo chimodzimodzi. Amene anakhalako ku Chipata kapena ku Lusaka amabwera ndi "chakolwa", ndipo kuno silimveka lachilendo kwenikweni chifukwa m'Chiyao kuledzera ndi kukolelwa, mowa ndi ukana.

Chenjezo limodzi la kunyanja kuno. Kutauni, kuona munthu akumwa 9 koloko m'mawa ndi chizindikiro cha uchidakwa. Pa doko la Makawa, Msaka kapena Malembo sizili choncho nthawi zonse. Alovi, asodzi okoka ukonde wa chilimira, amagwira ntchito usiku ndi nyali, amakocheza kukucha, amagulitsa usipa, amagawana ndalama, ndipo 9 koloko imeneyo ndi madzulo awo. Musathamangire dzina poona dzuwa. Funsani ngati ndalama ikufika kunyumba ndi ngati amaleka nthawi yabwino. Vuto lenileni ndi la masamu aja a chiwindi: womwa mpaka 2 koloko masana amakwera bwato madzulo mowa usanathe m'magazi, ndipo pamadzi woyaka ndi woopsa kuposa wa thapsa, poti wa thapsa amatsala kumtunda.

Kunena za wamkulu, ndi kunena m'nyumba ya Chisilamu

Mwana sanena kuti "bambo aledzera" pagulu, mkamwini sanena choncho za apongozi, ngakhale aliyense akuona. Pali mawu ozungulira amene aliyense amawamva: "atopa", "sali bwino lero", "anali kocheza", "adutsira kwa anzawo", "apumule kaye, mubwere mawa". Ponena ndi mwini wakeyo, musayambe ndi mowa. "Mjomba, tiyeni ndikuperekezeni, kwada" imagwira ntchito kuposa "mwaledzera, tiyeni kunyumba", chifukwa woledzera aliyense amakana kuti waledzera ndipo mukangotchula mawuwo mwayambitsa mtsutso umene simungapambane. Nkhani yeniyeni idikire m'mawa wa tsiku lachiwiri, osati wa matsire, ndipo ikambidwe ndi woyenera: mwini mbumba, nkhoswe, kapena mnzake wa msinkhu umodzi.

Mangochi ndi boma la Asilamu ambiri, ndipo kwa Msilamu mowa ndi haramu, ndiye kuti woletsedwa, kaya wambiri kaya dontho. Izi zimasintha kulemera kwa mawu onse. "Amamwako", amene ku Ntcheu kapena ku Dedza akhoza kumveka ngati chitetezo, kwa Jalasi, ku Katuli kapena kwa Makanjira ndi mlandu wathunthu. Makwerero onse aja amafupika kukhala awiri: amamwa kapena samwa. Choncho musanene mopepuka kuti "che uje tinali nawo, analawako pang'ono" poganiza kuti mukuwachepetsera. Mwina mwawononga ukwati kapena udindo wawo kumzikiti. Chotsatira china n'choti womwa wa m'banja lotere amamwa mobisa, amasankha timabotolo tobisika m'thumba, amamwa mofulumira, ndipo abale amachedwa kunena zoona kuchipatala. Wothandiza pa ngozi afunse mwakachetechete, pambali, osati pamaso pa khamu. Mipingo yambiri ya Chikhristu nayonso imaletsa mowa kotheratu, ndiye kwa mkulu wa mpingo kusamala n'komweko. Thobwa ndi la aliyense, koma likagona masiku n'kuyamba kuluma pa lilime anthu amasiyana maganizo. Wosamwa mowa mumuuze kuti "lagona" asanamwe.

Mawu a m'mawa mwake

"Matsire" ndi mutu wowawa, nseru, ludzu ndi ulesi wa tsiku lotsatira. Anyamata obwera ku Joni, amene ku Mangochi ndi ambiri, amati babalazi, mawu a ku South Africa. Mankhwala ake ndi madzi, chakudya ndi nthawi. "Kuchotsa matsire" ndi botolo lina ndi kungokankhira matsirewo kutsogolo.

Apa pali mawu ena amene ayenera kusiyanitsidwa ndi matsire, ndiwo "chibaba". Wa matsire safuna n'kuona komwe mowa. Wa chibaba amadzuka manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mtima ukuthamanga, ndipo zonsezi zimaleka akangomwa. Ameneyo thupi lake lazolowera, ndipo uchidakwa wake wasanduka matenda. Kunjenjemerako kumayamba maola 6 mpaka 24 atasiya. Ena amagwa ngati akhunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka, amaona tizilombo pakhoma, amamva mawu. Abale apa amathamangira kunena kuti "wapenga" kapena "amulodza", n'kupita naye kolakwika. Nenani kuti "wasiya mowa mwadzidzidzi" ndipo mupite naye kuchipatala cha boma, chifukwa vutoli limapha koma lili ndi mankhwala. Pa chifukwa chomwechi, kutsekera chidakwa m'nyumba kuti chisiye lero lomwe si nzeru. Thandizo la nthawi yaitali likupezeka ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mowa ukatha m'mutu timati "mowa wamuthera" kapena "watsitsimuka". Akaleka kotheratu timati "anasiya", ndipo munthu wotere si bwino kumamutchulabe dzina lakale lija, ngakhale mwanthabwala.

Mawu okometsera, ndi malo ake

"Bibida" ndi mowa mwa nthabwala. "Mkalabongo" ndi mowa waukali wotchipa, dzina lake likunena lokha chimene umachita ku ubongo. "Kupapira" ndi kumwa mwaphuma ndi mochuluka, ngati wina akulanda. "Kuchezera" ndi kumwa usiku wonse, ndipo dzina la mowa wa Kuche Kuche likuchokera ku kucha kwa kunja komweko. Mawu awa amakometsa nkhani yoseketsa, koma "anapapira bibida" pa nkhani ya ngozi imene yapha anthu ndi kuseka pamaliro. Pamenepo lembani "anamwa mowa". Wina akamasulira kuti munthu "amamwa ngati nsomba" wabwereka za eni. Kunyanja kuno tikudziwa kuti chambo sichidzandira, ndipo tili kale ndi mbiyang'ambe.

Osasakanizanso mowa ndi zina. "Zoledzeretsa" zikhoza kuphatikiza zonse, koma pa chamba, chimene ena amati fodya wamkulu, mneni wake ndi "wasuta", ndipo mapiritsi ndi zina zotero ndi "mankhwala osokoneza bongo". Kulemba "analedzera" pamene munthu anasuta kumasocheretsa dokotala ndi woweruza yemwe.

Pali mawu awiri ena amene amamveka kawirikawiri pabwalo la mfumu: "unali mowa" ndi "zinali za kumowa". Oyambawo ndi kupepesa kokankhira mlandu ku chipanda. Achiwiriwo amatanthauza kuti lonjezo kapena malonda amene anapangidwa pamowa asatengedwe ngati enieni. Wogula bwato, njinga kapena munda kwa munthu amene walawa adikire mawa, abwereze mgwirizanowo pamaso pa mboni onse ali bwinobwino, apo ayi adzamva mawu amenewa ndalama atapereka kale.

Polemba ndi pochitira umboni

Pa lipoti la kuntchito, la komiti ya pa doko, kapena pa umboni kupolisi, lamulo ndi limodzi: nenani zimene munaona, mawu ogamula muwasiyire ena. "Anali chidakwa" si umboni. "Analedzera" ndi maganizo anu, ndipo wina adzafunsa kuti munamuyeza ndi chiyani. Koma "ankanunkha mowa, ankadzandira, anagwa kawiri pakati pa sitolo ndi msewu, mawu ake sankamveka, inali cha m'ma 4 koloko madzulo" palibe angakutsutseni. Ngati munamuona akumwa, tchulani chimene ankamwa ndi kuchuluka kwake. Ngati simunamuone, musalembe kuti anamwa. Lembani za fungo.

Pa kalembedwe, zolakwika zofala ndi zitatu. Choyamba, "kuledzela": malamulo a kalembedwe ka Chichewa amati pambuyo pa e ndi i timalemba r, choncho ndi kuledzera, kuledzeretsa, kudzandira, kupapira, matsire. Chachiwiri, "oledzera" ponena za munthu mmodzi wamba: mmodzi ndi "woledzera", ambiri kapena wolemekezeka ndi "oledzera", ndipo pa Facebook w ameneyu akusowa kwambiri. Chachitatu, kusokoneza "woledzera" ndi "woledzeretsa": munthu ndi woledzera, mowa ndi woledzeretsa, ndipo amene wamwetsedwa mwadala ndi anzake kuti amubere kapena amuchite zoipa "analedzeretsedwa". Mawu omalizawa alembeni mosamala pa mlandu wa mtsikana kapena wa mlendo wa kumalo ogona a m'mbali mwa nyanja, chifukwa "analedzera" amaloza chala kwa wochitiridwayo, pamene "analedzeretsedwa" amafunsa kuti anathira m'kapu ndani.